Kaundula wa boma asafere limodzi ndi kompyuta

Zithunzi zofiira ndi zoyera zimene Akafula ndi Achewa anajambula pa miyala ya ku Chongoni, m'mapiri a Dedza, zikuonekabe mpaka lero, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo 127 amenewa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Zimene boma likulemba pa kompyuta masiku ano sizingapirire chomwecho pazokha. Makina amakalamba, pulogalamu yotsegulira fayilo imatha ntchito, ndipo mlembi akasamutsidwa amatha kupita ndi nambala yachinsinsi m'mutu. Nchifukwa chake tikufunika ndondomeko yokhwima, yonena zoyenera kusungidwa, wozisunga ndi zaka zozisungira, ndiponso ndalama zake mu bajeti.

Phunziro tinalilandira kale. Pa mlandu wa Cashgate mu 2013, ndalama za boma zinkatuluka kudzera m'makina oyendetsera chuma cha boma a IFMIS, kenako umboni wa malipirowo unkafufutidwa. Pepala likang'ambidwa m'buku, chizindikiro chake chimatsala. Mzere wa pa kompyuta umatha kuzimiririka popanda woona, pokhapokha makinawo atakonzedwa kuti azilemba aliyense wokhudza fayilo ndi nthawi yake. Nkhaniyi si ya kulikulu la boma ku Capital Hill kokha. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola munthu kulembetsa munda wake. Mlimi wa mbatatesi ku Bembeke akatero, zidzukulu zake zidzadalira kaundulayo pa mkangano wa malire pakadzapita zaka 50, mfumu ndi mboni zonse zitatsikira kuli chete. Nalo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, lilibe mano ngati fayilo yofunsidwayo sikutsegukanso.

Ena amati kompyuta ndi yabwinobe, poti mapepala amadyedwa ndi chiswe. Nzoona, ndipo palibe akuti tibwerere m'mbuyo. Koma chiswe chimaoneka chikamayamba, pamene diski imafa mwakachetechete. Enanso amati ndalama zipite kaye ku mankhwala ndi feteleza, kuiwala kuti kaundula wosafufutika ndiye amateteza ndalama zomwezo kwa akuba. Nthambi yosunga zolembedwa za boma ku Zomba ipatsidwe mphamvu, akatswiri ndi zipangizo, kuti khonsolo iliyonse, kuphatikizapo ya Dedza, izisunga makope m'malo angapo otalikirana ndi kuwasamutsira m'makina atsopano akale asanafe. Boma limene silingaonetse zimene linachita silingayankhe kwa eni ake, omwe ndi nzika.