Manyazi Adapha Lambe: Achinyamata ndi Bizinesi Yosamalira Galimoto

Tsiku lililonse pa zipata za Songwe, Dedza ndi Mwanza pamalowa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zimatsitsidwa pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Zina zimalowera ku Zambia kudzera pa chipata cha Nakonde. Zikafika m'misewu ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Chipata ndi Lusaka, zimakumana ndi fumbi la chilimwe, matope a dzinja ndi dzuwa lowaula penti. Kwa mabanja ambiri galimoto ndi katundu wamtengo wapatali wachiwiri kwa nyumba, ndipo mwini wake amafuna munthu wodalirika woti aziisamalira.

Msika ulipo, ndipo anthu oti agwire ntchitoyi aliponso. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo adali asadakwanitse zaka 18. Ntchito zolembedwa m'maofesi ndi m'makampani sizingakwanire khamu lonseli. Komabe achinyamata ambiri amene amauona msikawu amangoudutsa. Akafunsidwa amadandaula za mpamba, ngakhale kuti ndowa, nsalu ndi sopo sizifuna ndalama zambiri ngati zotsegulira golosale. Kawirikawiri chimene chimawamanga miyendo ndi kudziderera ndiponso kuopa kulephera.

Kutsuka nkosiyana ndi kusamalira

Pa malo ambiri otsukirapo galimoto, ntchito imatha pa mphindi zochepa: kuthira madzi, kupaka sopo, kutsukuluza ndi kupukuta. Ntchito imene pa Chingerezi amaitcha car detailing imapitirira pamenepo. Woigwira amatsata mbali iliyonse ya galimoto, kunja ndi mkati. Amachotsa phula la mumsewu ndi utomoni wa mitengo zimene zakanirira pa penti, amachapa mipando ndi makapeti, amatulutsa fumbi m'timipata ta dashibodi, amawalitsa magalasi a nyali zakutsogolo amene achita chikasu ndi dzuwa, kenako amapaka polishi ndi mankhwala oteteza penti. Galimoto imodzi ikhoza kumutengera theka la tsiku kapena tsiku lathunthu, ndipo malipiro ake amaposa a kutsuka wamba.

Ofuna ntchito yotere ndi ambiri: ogulitsa galimoto amene akufuna kuti katundu wawo aoneke bwino, eni matakisi, makampani obwereketsa galimoto, mabanja okonzekera ukwati, ngakhalenso munthu amene akufuna kugulitsa galimoto yake pa mtengo wabwino.

Mantha a mitundu iwiri

Mantha oyamba ndi manyazi. Wachinyamata amene adakhala zaka 12 pasukulu, makolo ake akugulitsa mbuzi ndi chimanga kuti apeze fizi, amaona ngati kugwira ndowa pamaso pa anthu nkuvomereza kuti sukulu ija idapita pachabe. Amene sadakhoze mayeso a Fomu 4 amakhala ndi katundu wolemera koposa, chifukwa pepala limodzi limamutsimikizira kuti ndi wolephera pa chilichonse. Funso lakuti anthu ati chiyani limamulepheretsa kuyamba ngakhale asadayese nkomwe. Kwa atsikana mtolowu umalemera kawiri, popeza ambiri amaiona ntchitoyi ngati ya amuna okhaokha.

Chodabwitsa nchakuti ena mwa achinyamata amene amapita ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town kukasaka maganyu amakagwira ntchito yomweyi, ndipo amaigwira modzipereka. Ndowa ndi yomweyo, matope ndi omwewo. Chimene chasintha nchakuti kumeneko kulibe mnzawo wa kusukulu kapena mlamu woti awaone. Akuluakulu adati manyazi adapha lambe.

Mantha achiwiri ali ndi maziko enieni ndipo sayenera kupeputsidwa. Galimoto ya kasitomala ndi ya ndalama zimene woitsukayo sangazipeze pa zaka zingapo. Akakanda penti, akathira madzi pa mawaya a injini kapena akawononga chikopa cha mipando, sangathe kulipira, ndipo mbiri yake imaipa m'dera lonse. Munthu woopa zimenezi sali wamantha chabe. Akuona ngozi imene ilipodi. Kungomuuza kuti alimbe mtima sikungamuthandize. Chofunika nkuchepetsa ngoziyo.

Phunziro la oopa njoka

Mu 1977 katswiri wa za maganizo a anthu wa pa yunivesite ya Stanford ku America, Albert Bandura, adafalitsa zimene adapeza zokhudza chikhulupiriro chimene munthu amakhala nacho chakuti angathe kuchita chinthu. Kafukufuku wake wina adamuchita pa anthu akuluakulu oopa njoka kwambiri. M'malo mowalalikira za kulimba mtima, ankawatsogolera pang'onopang'ono: kuyang'ana njoka ili patali, kuyandikira khola lake, kuonerera wina akuigwira, mpaka iwo eni kuikhudza. Sitepe iliyonse ikatheka, mantha ankachepa.

Bandura adatchula magwero anayi a chikhulupirirochi: kuchita chinthu nkuchikwanitsa, kuona munthu wofanana nawe akuchikwanitsa, kulimbikitsidwa ndi mawu a ena, ndi mmene munthu amamasulirira zizindikiro za thupi lake monga kugunda kwa mtima ndi thukuta la m'manja. Pa zinayizi, champhamvu koposa ndi choyambacho. Mawu olimbikitsa ali ndi malo ake, koma mphamvu yake imazilala msanga ngati palibe ntchito yeniyeni yowachitira umboni.

Tanthauzo lake kwa wachinyamata wofuna kusamalira galimoto ndi lomveka. Amene akudikira kuti ayambe wadzikhulupirira kenako nkugula ndowa adzadikira mpaka kalekale, chifukwa kudzikhulupirira kumabwera pambuyo pa ntchito. Galimoto yoyamba ikhale ya amalume kapena ya mnansi amene angakhululuke zolakwa zazing'ono. Yachiwiri ikhale minibasi ya munthu wodziwana naye. Akamadzafika pa galimoto ya mlendo, manja amakhala atazolowera ndipo mtima umakhala ndi umboni woimapo.

Luso ndiwo mankhwala

Zambiri mwa ngozi za ntchitoyi zimapeweka ndi nzeru zosavuta. Penti ya galimoto zambiri za masiku ano imakutidwa ndi kansanjiko koonekera mkati, kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Timizere tozungulira timene timaoneka pa galimoto ikaima padzuwa timabwera chifukwa cha mchenga umene umakokedwa ndi nsalu yakuda. Nchifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba atsukuluza fumbi asadakhudze penti, ndipo amagwiritsa ntchito ndowa ziwiri: ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukulutsira nsalu isadabwerere mu sopo. Amayambira padenga kutsikira mmunsi, kumene kumakhala matope ambiri, ndipo matayala ndi malimu amakhala ndi burashi ndi nsalu yakeyake. Nsalu ikagwa pansi saibwezeranso pa penti isadachapidwe.

Sopo waufa wochapira zovala ndi sopo wotsukira mbale amachotsa mankhwala oteteza penti, choncho pamafunika sopo wopangidwira galimoto. Kutsukira padzuwa kumaumitsa madzi msanga nkusiya madontho oyera, makamaka ngati madziwo ndi a pamjigo okhala ndi mchere. Ndowe za mbalame zimadya penti zikakhalitsa. Makapeti osauma bwino amachita nkhungu ndi fungo. Mafuta owalitsa sapakidwa pa chiwongolero kapena pa zopondera mabuleki chifukwa amaterera ndipo angadzetse ngozi pamsewu. Injini imatsukidwa itazizira, zipangizo zamagetsi zitaphimbidwa, ndipo wongoyamba kumene amachita bwino kuisiya kaye. Mankhwala atsopano amayesedwa pamalo obisika. Makina opukutira polishi akhoza kupsereza penti m'mphepete mwa zitseko ndi boneti, motero ndi bwino kuphunzirira pa zitseko zakale zotayidwa kwa owongola galimoto.

Palinso malamulo oteteza mbiri. Asadayambe ntchito, wosamalira galimoto ayizungulire pamodzi ndi mwini wake, amuonetse mikwingwirima imene ilipo kale ndipo aijambule pa foni. Ndalama, mapepala ndi katundu aliyense wopezeka mkati zisungidwe nkubwezedwa zonse. Wopanda laisensi asayendetse galimoto ya kasitomala ngakhale mtunda waufupi chotani. Zonsezi zimaphunziridwa msanga pogwira ntchito kwa miyezi ingapo pansi pa munthu wozidziwa, pakuti safunsa adadya phula.

Umboni wa ku Togo

Kuti maganizo a munthu amakhudza phindu la bizinesi si nkhambakamwa. Mu 2017 magazini ya sayansi yotchedwa Science idafalitsa zotsatira za kafukufuku amene akatswiri, ena mwa iwo a World Bank, adachita mumzinda wa Lomé ku Togo. Adatenga eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 nkuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba lidalandira maphunziro a masiku onse a kasungidwe ka mabuku ndi kagulitsidwe ka malonda. Lachiwiri lidaphunzitsidwa kuyamba zinthu palokha osadikira kuuzidwa, kuoneratu mavuto asadafike, ndi kusabwerera mmbuyo pokumana ndi zopinga. Lachitatu silidalandire maphunziro alionse.

Patatha zaka ziwiri, phindu la gulu lachiwiri lidali litakwera ndi 30 peresenti poyerekeza ndi la gulu losaphunzitsidwa. La gulu loyamba lidakwera ndi 11 peresenti, kusiyana kumene akatswiriwo adati nkochepa moti sikukadatsimikizika. Chimodzi mwa zimene gulu lachiwiri lidaphunzira ndi kuona cholakwa ngati uthenga wonena chimene chiyenera kukonzedwa, osati chigamulo chakuti munthuyo ndi wachabe. Mabungwe ophunzitsa achinyamata ntchito zamanja, monga TEVETA ya ku Malawi imene idakhazikitsidwa mu 1999, komanso mabungwe omwe si aboma, ali ndi choti atolepo pamenepa: luso la manja ndi luso lodzuka ukagwa ziyenera kuyendera limodzi.

Kuyamba ndi zochepa

Njira ina yochepetsera mantha ndi kuchepetsa zimene munthu angataye. Wobwereka ndalama za katapila kuti agule makina opopera madzi ndi kulipira lendi ya malo asadapeze kasitomala ndi mmodzi yemwe amagona ndi nkhawa usiku uliwonse, ndipo akalephera amagwa ndi banja lonse. Woyamba ndi ndowa ziwiri, nsalu zofewa za microfibre, maburashi, sopo ndi polishi, nkumayendera makasitomala kunyumba kapena kuntchito kwawo, akalephera amataya zochepa ndipo akhoza kuyambiranso. Makina okoka fumbi angagulidwe ntchito ikayamba kubweretsa ndalama. Magulu a banki mkhonde, amene chitsanzo chake chidayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndi malo abwino osungirako phindu ndi kubwerekako ndalama zochepa. Kumeneko wachinyamata amaonanso anthu ofanana naye akuyendetsa timabizinesi tawo, gwero lachiwiri lija la Bandura.

Madzi ndiwo moyo wa bizinesiyi, ndipo sangadaliridwe nthawi zonse. Pa nthawi ya chilala cha 2017 ndi 2018, mzinda wa Cape Town udaletsa kutsuka galimoto ndi madzi akumwa a m'mipopi, ndipo kuyambira mu February 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Otsuka galimoto adakakamizika kugwiritsa ntchito madzi obwezeretsedwa kapena mankhwala opukutira osafuna madzi. Amene wazolowera ndowa m'malo mwa payipi yongotayira madzi amachepetsa bilu ndipo amakhala wokonzeka madzi akasiya kutuluka. Kutsukira mumtsinje kumaoneka kotchipa, koma sopo ndi oyilo zimaipitsa madzi amene anthu akumunsi amachapira ndi kuthirira mbewu. Wofuna malo okhazikika ayenera kufunsa ku khonsolo za chiphaso, kuti asamagwire ntchito ali cheucheu.

Zikavuta

Si onse oyamba bizinesi amene amapambana, ndipo kudzikhulupirira sikuyatsa magetsi akazima kapena kutsitsa mtengo wa polishi. Padzakhala masiku opanda kasitomala, wina adzakana kulipira, wina adzadandaula pa ntchito yogwiridwa bwino. Kope lolembamo galimoto iliyonse, ndalama zolowa ndi zotuluka, limathandiza pa masiku otere. Mtima ukamati palibe chikuyenda, kopelo limaonetsa makasitomala amene adabweranso kachiwiri ndi kachitatu.

Makolo ndi abale ali ndi gawo lalikulu. Mawu onyoza a pakhomo amapweteka kuposa a mumsewu, pamene kungomupatsa mwana galimoto ya pabanja kuti aphunzirirepo kumaposa uphungu wa tsiku lonse. Ndipo pamene kudziona wachabechabe kwafika pomulepheretsa munthu kudya, kugona kapena kucheza ndi anzake kwa masabata angapo, nkhaniyo yaposa ya bizinesi ndipo ayenera kuonana ndi achipatala.

Manyazi amachepa pamene ntchito yayamba kugula ufa ndi kulipira fizi ya mng'ono. Kuopa kuwononga kumachepa pamene manja adziwa chochita. Zonse ziwirizi zimachitika munthu ali kale pantchito, galimoto imodzi pambuyo pa inzake. Pang'onopang'ono ndi mtolo.