KHALA LA PA MOTO LINGATHE KULERA MMISIRI

Makolo ambiri m'midzi mwathu amakalipa akapeza mwana alikujambula nkhope za anthu pa cipupa ndi khala la pa moto. Amati alikudetsa nyumba ndi kutaya nthawi. Koma asanathyole mkwapulo, ayambe amva mbiri ya mmisiri wina wa ku France.

Edgar Degas anabadwa mu 1834 mu mzinda wa Paris. Atate ace anafuna kuti aphunzire za malamulo, koma mtima wa mnyamatayo unali pa zojambula. Mu 1853 analembetsa dzina ku Louvre, nyumba yaikulu yosungiramo zithunzi, kuti aloledwe kukhala pamaso pa nchito za akatswiri akale ndi kumazitsanzira pa pepala lace. Anacita zimenezi zaka zambiri. Pomwalira mu 1917 anali atachuka cifukwa ca zithunzi za pastel, ndiye coko cofewa ca mitundu-mitundu.

Kodi kutsanzira si kuba? Iai. Mwana wa woumba mbiya amayamba ndi kuyang'ana manja a amai ace. Cimodzi-modzi wojambula: munthu wamoyo amagwedezeka ndi kutopa, koma cithunzi ca katswiri cimakhala phee, ndipo katswiriyo anasankha kale poika mdima ndi poika kuwala.

Wophunzira ayambe ndi khala lofewa la timitengo tating'ono, ndi pepala lokhakhala pang'ono, pakuti pa pepala loterera makala sagwira. Asathamangire maso ndi milomo. Coyamba alembe mopepuka mutu wonse, wonga dzira, ndipo atambasule mkono atagwira kamtengo kuti ayese utali ndi ufupi wa mbali zonse. Apa adzapeza cinthu codabwitsa: maso a munthu wamkulu amakhala pakati-kati pa mutu, osati kumwamba kumene ambiri amawaika.

Atatero atsinzine pang'ono poyang'ana cithunzi ca katswiri. Tinthu tating'ono tidzabisika, ndipo padzatsala madera a mdima ndi a kuwala okha. Adetse madera a mdima, asisite ndi cala kapena kansalu, ndipo pofuna kuwalitsa pamphuno kapena pamphumi afufute ndi kacidutswa kofewa ka buledi, monga anali kucitira amisiri akale.

Pastel abwere pambuyo, dzanja litazolowera. Mitundu yoderapo iyambe, yowala itsirize. Kusisita kopambanitsa kumasandutsa nkhope kukhala matope. Makala ndi pastel sizicedwa kufufutika, motero cithunzi cikatha ciphimbidwe ndi pepala loyera.

Lamulo limodzi lisaiwalike: pansi pa cithunzi cotsanzira palembedwe dzina la mwini wace woyamba. Kucigulitsa monga nzeru zako-zako ndiko kuba tsopano.

Dziko lathu linabala amisiri onga Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, ndipo pa Evelyn Hone College mu Lusaka amaphunzitsa luso la zojambula. Inu makolo, mukaona mwana ali ndi khala m'manja, m'patseni pepala ndi cithunzi cabwino coti atsanzire. Adzalakwa kakhumi, koma musam'fooketse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mwanayo adzakhazika agogo ace pa mpando, ndipo nkhope yao idzatsala m'banja iwo atapita.