Mafunde oima: momwe phokoso losamveka limasonkhanitsira mafuta a mumkaka

Ngati mumaweta ng'ombe za mkaka, mukudziwa kuti mkaka ukakhala osagwedezeka, mafuta ake amayandama pamwamba. Zimatenga maola ambiri chifukwa timadontho ta mafutawo n'tating'ono kwambiri. Akatswiri a bungwe la CSIRO ndi yunivesite ya Swinburne ku Australia anaonetsa kuti phokoso lotchedwa ultrasound lingathe kufulumizitsa zimenezi.

Phokosoli limanjenjemera koposa ka 20,000 pa sekondi, moti khutu la munthu silingalimve, ngakhale mileme imalimva bwinobwino.

Kuti mumvetse, mangani chingwe kumtengo, mugwire mbali inayo n'kumagwedeza. Funde limapita, likagunda mtengo n'kubwerera. Mukapeza liwiro loyenera, funde lopita ndi lobwerera amakumana ndipo chingwe chimaoneka ngati funde laima malo amodzi: pena chikudumpha kwambiri, pena chili phee. Amenewa ndiwo mafunde oima.

Muthanki ya mkaka zimachitikanso chimodzimodzi. Kachipangizo kali mbali imodzi kamatumiza phokoso, ndipo chitsulo cha mbali inayo chimalibweza. Mumkaka phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, choncho likamanjenjemera ka 1 miliyoni pa sekondi, mumapangika mizere yotalikirana ndi mamilimita 0.75 okha. Mafuta ndi opepuka komanso ofinyika msanga kuposa madzi, motero amakankhidwira m'mizere momwe kupanikizika kumasinthasintha kwambiri. Timadontho tikakumana mmenemo timagwirana, ndipo tikakula timakwera pamwamba mofulumira. Phokosolo liyenera kukhala loyeza bwino. La mphamvu yopitirira ndi lonjenjemera mochepa limaphwanya timadontho, mafuta osayandamanso.

Njirayi ndi ya kufakitale, si ya pakhola. Koma ultrasound mungakumane nayo pafupi, m'makina oyezera mkaka omwe malo ena osonkhanitsira mkaka ali nawo. Makinawa sadalira mafunde oima. Amayeza momwe phokoso likudutsira mumkaka n'kuwerengera mafuta komanso madzi othiridwamo. Thovu ndi mpweya zimabalalitsa phokosolo, ndipo mkaka wabwino ungaoneke ngati wolakwika.

Choncho musanapereke mkaka woti auyeze, utakaseni pang'onopang'ono kuti mafuta apamwamba asakanikirane, koma musaukhutchumule. Ngati wachita thovu panjira, monga zimachitikira ukanyamulidwa panjinga, dikirani kaye kuti thovulo lithe.