Ndalama Zothandiza Mlimi Wosauka

Kuno ku Milange timalima chimanga ndi nandolo. Koma Januwale akafika, nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu. Mlimi amasiya munda wake kukagwira ganyu m'minda ya ena, kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Pobwerako amapeza udzu wameza chimanga chake. Chaka chinacho njala ija imabweranso.

Boma la Mozambique, kudzera ku bungwe la INAS, limapereka ndalama kwa okalamba, olumala ndi odwala nthawi yaitali. Kutsidya kwa malire, ku Malaŵi, thandizo lotere amalitcha Mtukula Pakhomo. Linayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006. Si ngongole ayi. Palibenso wokuuza choti ugule.

Ena amati, "Aa, munthu akalandira zaulere achita ulesi, angomwera kachasu." Koma ofufuza ku Malaŵi anapeza zina. Mabanja ambiri olandira anayamba kudya kaŵiri pa tsiku. Anagula makasu, nkhuku ndi mbuzi. Anachepetsa ganyu, nalimbika m'minda yawo.

Chifukwa chake n'chodziŵika. Wokhuta amapalira munda wake pa nthawi yake. Sakakamizikanso kugulitsa nandolo wake pa mtengo wozizira.

Komabe ndalamazi n'zochepa. Sizingaloŵe m'malo mwa khasu. Tsono tikalandira, bambo ndi mayi tikhale pansi, tigaŵe patatu: za chakudya, za mbewu, ndi za nkhuku yoŵeta. Nkhuku zikachuluka, tigulitseko ndi kugula mbuzi. Zitosi ndi ndowe tikathire kumunda.

Tikambirane: Kodi ganyu wa mu Januwale amatithera masiku angati olima m'munda mwathu?