Kodi Maso a Munthu Angatulutse Moto?

Ana athu masiku ano akukula ndi ngwazi za pa kanema. Zithunzi zomwe mwana wa ku Area 14 mu mzinda wa Lilongwe amaonera pabalaza, mnzake wa ku Makanjira amazionera pa foni kapena m'nyumba ya vidiyo. Kuli Superman, amene adayamba kuoneka m'mabuku a zithunzi mu 1938, yemwe amasungunula chitsulo ndi maso. Kulinso ankhondo a mu Star Wars ya 1977 omenyana ndi malupanga a kuwala. Mwana akatifunsa kuti, "Kodi zimenezi zingatheke?" tisamukalipire. Yankho lilipo, ndipo lingapulumutse maso ake.

Diso limalandira, silitumiza

Akatswiri akale monga Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa cheza chimene chimakakhudza chinthu kuti tichione. Amene adagwetsa maganizo amenewa ndi katswiri wa Chisilamu Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965. M'buku lake la Kitab al-Manazir, lomwe adalemba pakati pa 1011 ndi 1021, adakumbutsa anthu kuti munthu akayang'ana dzuwa maso amapweteka, kusonyeza kuti pali chinthu chikulowa m'diso kuchokera kunja.

Adayesanso kuika nyali zingapo patsogolo pa kabowo koloza m'malo a mdima. Nyali iliyonse idaonetsa kadontho kakekake pa khoma, ndipo akaphimba nyali imodzi, kadontho kake kokha ndiko kankazimirira. Apa adatsimikiza kuti kuwala kumayenda mowongoka, ndiponso kuti kuwala kwa nyali ziwiri kumapyozana popanda kugundana. Chomwecho malupanga aja sangatchingane, ndipo sangathere m'malere ngati ndodo.

Ulendo wa kuwala mu mpweya

Kuwala kumathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo mpweya umangochepetsako liwiroli pang'ono kwambiri. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi, n'chifukwa chake timayamba taona mphezi, bingu n'kumveka pambuyo. Tsono ngwazi imene imaona cheza chikubwera n'kuchizinda ikutinamiza, pakuti pamene wachiona ndiye kuti chakufika kale.

Chachiwiri, cheza chodutsa mu mpweya woyera sichioneka cham'mbali. Taonani nyali za galimoto m'misewu ya ku Area 14 madzulo a mwezi wa October, pamene mu Lilongwe muli fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire. Kuwala kumaoneka ngati mitanda iwiri yoyera patsogolo pa galimoto. Mvula ikatsuka mpweya mitanda ija sionekanso, mumangoona pamene kuwala kwagwera. Chimene tinkaona ndi fumbi limene linkabalalitsira kuwala kwina m'maso mwathu. Choncho mzere wofiira wowala kwambiri uja wa pa kanema ukadakhala woona, bwenzi mphamvu yake yambiri ikutayikira m'njira.

Chachitatu, kuwala kumamwazikana. Asodzi a usipa akudziwa: nyali yothobwa m'maso uli m'bwato imaoneka ngati kanyenyezi uli pagombe. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya kuwala kwa nyali imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngakhale laser, chipangizo chimene Theodore Maiman adachipanga koyamba mu 1960, imatambasuka. Asayansi akailozetsa ku mwezi, pofika kumeneko imakhala itakuta dera la makilomita angapo.

Chachinayi, mpweya umapinda kuwala. "Madzi" aja timawaona patsogolo pa phula popita ku Salima masana si madzi ayi. Ndi kuwala kwa thambo kumene kwapindidwa ndi mpweya wotentha wa pamwamba pa msewu. Chimodzimodzi m'mawa ku Nkhotakota, timaliona dzuwa mphindi ziwiri kapena kuposerapo lisanatuluke kwenikweni, chifukwa mpweya wapindira cheza chake kwa ife.

Choopsa chili m'thumba la mwana

Maso a moto ndi nthano, koma titochi ta laser tofiira ndi tobiriwira timene ana amaseweretsa potsanzira ngwazi zawo ndi tenitenidi. Diso limasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, monga momwe galasi lokuzira zinthu limaotchera pepala padzuwa. Kumbuyo kwa diso kuli kanembanemba kamene kamalandira zithunzi, ndipo kameneka kakamapsa munthu samva kupweteka. Mwana angazindikire mochedwa kuti pakati pa tsamba la buku pali kadontho kakuda, ndipo nthawi zina kadonthoko sikachokanso.

Makolo anzathu, tiwauze ana kuti laser salozetsa kumaso kwa munthu, kwa woyendetsa galimoto kapena ku ndege, ndipo dzuwa saliyang'ana mwachindunji ngakhale pa kadamsana. Mwana akadandaula kuti sakuona bwino atasewera ndi laser, tithamange naye kuchipatala cha maso.

Chidwi chawocho tisachiphe. Madzulo ano zimitsani nyali, yatsani tochi wamba, ndipo wina auluze kaufa pang'ono patsogolo pake. Anawo aone okha mzere wa kuwala ukutulukira, ndipo afotokoze chifukwa chake. Mwana amene wamvetsa kuti diso ndi khomo lolowera kuwala adzalisamala, podziwa kuti diso lilibe sipeya.