Kapitao Asakweze Dzanja pa Wanchito

KAFUE: Ciyambire 1970, pamene fakitale ya feteleza inatsegulidwa, anyamata ndi atsikana a kumidzi akhala alikudza m'tauni muno kudzafuna nchito. M'masitolo ndi m'mapulazi ozungulira, ena amapirira matukwano, ngakhale khofi weni-weni, poopa kucotsedwa.

Lamulo la Employment Code la 2019 lilipo, ndipo lasenzetsa olemba nchito katundu. Pa kampani payenera kukhala malamulo olembedwa oletsa kuzunza anchito, ndi njira yoperekera madandaulo, ndipo wanchito aliyense adziwitsidwe. Ena pepalalo amangolitsekera m'kabati.

Wanchito alifunse. Akam'mana, akadandaule ku ofesi ya Labour. Koma womenyedwa apite ku polisi, pakuti kumenya ndi mlandu ngakhale womenyayo akhale bwana.