Chakudya cha mayi woyembekezera: Ayurveda ya ku India ndi mwambo wa ku Machinga ndi Balaka

Mwana akabadwa pakati pasanakwanitse masabata 37, achipatala amati wabadwa masiku asanakwane. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 lidaonetsa kuti vutoli lidakula kwambiri ku Malawi kuposa dziko lina lililonse: ana 18 mwa 100 aliwonse. Kuyambira kale, mitundu ya anthu yakhala ikuteteza pakati kudzera m'mbale ya mayi.

Ku India, nzeru zamakolo zotchedwa Ayurveda zidalembedwa m'mabuku monga Charaka Samhita. Bukuli limagawa chakudya mwezi ndi mwezi: mkaka poyamba, mkaka wa uchi ndi batala woyenga mwezi wachitatu, phala la mkaka mwezi wa 8. Limaletsa mowa, zakudya zowawa ngati tsabola ndi ntchito zolemetsa. Limatinso mayi apatsidwe chimene mtima wake wakhumba, poti wopemphayo ndi mwana ali m'mimbayo.

Ku Machinga ndi Balaka malangizo otere amachokera pakamwa pa anankungwi, makamaka pa litiwo, mwambo wa Ayao wolangiza mtsikana wa pakati poyamba. Ambiri mwa malangizo a kumudzi ndi oletsa. Mayi asadye mazira, kuopa mwana wopanda tsitsi. Asaime pakhomo, kuopa kuchedwa pochira. Ayurveda imaonjezera chakudya m'mbale, pamene mwambo wina wa kuno umachotsamo dzira, ndiwo yomanga thupi yopezeka pakhomo pomwe. Komabe nandolo, nsinjiro, matemba a ku Chilwa ndi masamba a chisoso zingagwire ntchito imene mkaka umagwira ku India.

Ngozi ya mbali zonse ziwiri ili pa mankhwala. Mankhwala ena a Ayurveda adapezeka ndi mtovu, ndipo mwanamphepo, amene amayi ena amamwa kuti achire msanga, amatha kulimbitsa zowawa za kubereka mopyola muyeso.

Chakudya chokha sichithetsa malungo, kuthamanga kwa magazi kapena matenda opatsirana, zomwe zimabweretsa mwana nthawi isanakwane. N'chifukwa chake bungwe la WHO lidalangiza mu 2016 kuti mayi apite kusikelo kasanu ndi katatu. Kumeneko amalandira Fansidar, neti ndi mankhwala oonjezera magazi. Malangizo a anankungwi amapulumutsa mwana akamalimbikitsa mayi kudya mokwanira, kupuma, ndi kuyamba sikelo miyezi itatu isanathe.